Uta wa mlenje uzilola kukokedwa pang'onopang'ono

Opanga mauta amakonda kulengeza liwiro. Mukatsegula kabuku ka malonda awo, nambala yoyamba kukugundani m'maso ndi ya mafiti (fiti imodzi ndi masentimita pafupifupi 30) amene muvi umathamanga pa sekondi imodzi: 330, 340, 350. Amailemba ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa ndi imene imagulitsa katundu. Koma mlenje amene anakhalapo duu pamalo amodzi kwa maola, thupi litauma ndi chisanu, kenako nyama n'kutulukira pa mtunda wa mamita 20 makutu ali njo, amadziwa kuti pa mphindi imeneyo za liwiro sizibwera n'komwe m'mutu. Chimene chimam'detsa nkhawa n'chakuti kaya atha kukoka nsingayo pang'onopang'ono, molunjika kumbuyo, nyamayo osaona kanthu kakugwedezeka. Ndipo nyamayo ikaima kuseri kwa chitsamba, kaya atha kudikira ali chikokere, kapena kubweza nsinga popanda phokoso.

Ine ndili kumbali ya uta wofewa pokoka, ndipo sindibisa. Chovuta n'chakuti kufewa kulibe nambala. Liwiro amaliyeza ndi makina, kulemera amakuyeza pa sikelo, koma mmene nsinga imamvekera m'phewa ikamabwera kumbuyo palibe amene angakulembereni pa bokosi. Wogulitsa aliyense amati wake ndiye wofewa. Ndiye pofuna kuti munthu asangotengeka ndi pakamwa pa wamalonda, ayenera kudziwa zimene zimachitika m'timagudumu ta kunsonga kwa uta wamakono nsinga ikamakokedwa.

Uta wa timagudumu, umene ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti compound, si wakale ayi. Anautulukira ndi Holless Wilbur Allen wa ku Missouri m'dziko la America, amene anakalembetsa luso lakelo ku boma mu 1966, chikalata cha umwini n'kutuluka mu 1969. Iye anafupikitsa nthambi (mbali ziwiri zopindika zija) za uta wamba n'kumangirira timagudumu kunsonga kwake. Nzeru yake inali yakuti kachitsulo kamene gudumu limazungulirapo kasakhale pakati penipeni. Motero gudumu likamatembenuka, mphamvu imene dzanja likufunika kutulutsa imasinthasintha. Pa uta wachikale nsinga imalemera moonjezereka mukamaikoka, ndipo imalemeretsetsa ikafika pa tsaya, pomwe inu mukufuna kudekha kuti mulunjike bwino. Pa compound zimatembenuka. Nsinga imalemera msanga, imakhala yolemera kwa kamtunda, kenako imapepuka mukafika kumapeto. Kupepuka kumeneku ndiko amati let-off. Uta wa mapaundi 70, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 32, ukakhala ndi let-off ya 80 peresenti, dzanja limangogwira mapaundi 14 nsinga ikafika pa tsaya. Timagudumu ta masiku ano si tozungulira bwinobwino. N'topindika mosiyanasiyana, amatitcha ma cam, ndipo kapindikidwe kake ndi kamene kamapatsa uta uliwonse khalidwe lake.

Mphamvu yonse imene muvi umachoka nayo ndi imene mwaika nokha mu uta ndi minofu yanu. Ma cam saonjezera kanthu. Ntchito yawo n'kugawa ntchitoyo, kuti pano mukoke kwambiri, apo mukoke pang'ono. Wopanga uta akafuna liwiro, amapanga cam imene imakufikitsani pa mapaundi onse 70 mutangokoka mainchi ochepa, n'kukusungani pamenepo mtunda wautali, kenako n'kukugwetserani mu let-off mwadzidzidzi. Akafuna kufewa, amalola kuti kulemerako kukwere pang'onopang'ono, kukhale pamwamba kwa kanthawi kochepa, n'kutsika mwaulemu. Zili ngati kupalasa njinga pa mapiri awiri otalika mofanana: lina limayamba ndi chitunda chonyenyerera n'kutsika bwino kuseri, lina limaima njo pomwe mwayambira, pamwamba pake n'potalika, ndipo kuseri kwake kuli phompho. Mauta awiriwa onse alembedwa 70, pa sikelo onse aonetsa 70, koma thupi lidzakuuzani kuti wachiwiriyo wakudyani mphamvu zambiri. Mphamvu zoonjezerazo ndizo zimasanduka liwiro lija lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Liwiro la ulere kulibe.

Kuuma kwa uta kumabisala malo angapo, ndipo anthu sagwirizana kuti opweteka kwambiri ndi ati. Malo oyamba ndi koyambirira. Dzanja lokokera likadali kutsogolo, phewa limakhala lotambasuka ndipo minofu ikuluikulu ya kumsana imakhala isanayambe kugwira ntchito mokwanira. Uta umene umalemera msangamsanga umasenzetsa katundu yense timinofu tating'ono tozungulira mfundo ya phewa, tomwe sitinalengedwere ntchito yotero. N'chifukwa chake mumaona munthu akuloza uta kumwamba, akukweza phewa mpaka kukhutu, akupotoza chiuno kuti nsinga ichoke. Pa bwalo lophunzirira zimangooneka zoipa. Kuthengo, nyama imakhala yathawa kalekale, ndipo ngati release, kachipangizo ka kudzanja kogwirira ndi kumasulira nsinga, yamasuka mwangozi uta utaloza kumwamba, muvi umapita kumene simukudziwa.

Malo achiwiri ndi amene ine ndimadana nawo koposa. Pali ma cam ena amene amayamba bwino ndithu, munthu n'kumati apa ndapeza, koma kutatsala mainchi awiri kapena atatu kuti mufike kumapeto, nsinga imauma kachiwiri. Mumayenera kuikoka mwamphamvu kuti idutse kalinunda kameneka, ndipo ikangodutsa imagwera mu let-off kuti khu, dzanja n'kukagunda kumapeto, muvi n'kudumpha pa kotsamira kake n'kulira pa chitsulo. Kalinunda kameneka kamabwera pamene chigongono chadutsa kale khutu, pomwe mkono ulibenso mpata wotulutsira mphamvu. M'sitolo mofunda, mutavala malaya opepuka, mumakadutsa osakamva chifukwa mukukoka mothamanga. Kokani pang'onopang'ono ngati mmene mungachitire nyama ili pafupi, mudzakapeza. Alenje ambiri amene amasimba kuti uta unawakanika kukoka tsiku lozizira, pamene anali ataukoka chaka chonse popanda vuto, amakhala atakodwa pomwepa.

Malo achitatu ndi kumapeto kwenikweni, ndipo apa pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi kachigwa kamene amakatcha valley, kamtunda kakang'ono komwe nsinga imakhala yopepuka. Pa mauta ena kachigwaka n'kotakasuka, moti dzanja likatsetsereka pang'ono kupita kutsogolo palibe chimachitika. Pa mauta othamanga kamakhala kopapatiza zedi. Mukangomasuka pang'ono chabe, cam imatembenuka n'kukutsomphola dzanja, kuchoka pa mapaundi 14 kufika pa 70 m'kuphethira kwa diso. Mlenje amene wakoka, nyama n'kuima mutu wokha ukuoneka, ayenera kudikira theka la mphindi kapena mphindi yathunthu. Pa uta wa chigwa chopapatiza, nthawi yonseyo amakhala akulimbana ndi uta m'malo moyang'ana nyama. Chachiwiri ndi khoma, back wall, pomwe nsinga imakana kupitirira. Mauta ena ali ndi totchinga togunda pa nthambi, ndipo khoma lake limakhala lolimba gwa. Ena totchinga take timagunda pa zingwe, ndipo khoma lake limakhala ndi kofewerera pang'ono. Apa palibe cholondola kwa aliyense. Ine ndimakonda khoma lolimba chifukwa limandiuza kuti ndafika, tsiku lililonse pamalo amodzimodzi. Anzanga amene amamasula nsinga mwa kukokabe ndi msana amakonda lofewerera chifukwa limawapatsa mpata wosuntha.

Nambala ya liwiro ija imapezeka motere. Imatchedwa IBO, kuchokera ku dzina la bungwe la International Bowhunting Organization, ndipo ina yofanana nayo ndi ya ATA, bungwe la amalonda a mauta. Amaika uta pa mapaundi 70, amaukoka mainchi 30, n'kuponya muvi wolemera ma grain 350, omwe ndi magalamu osakwana 23. Pa nsinga pamakhala palibe chilichonse cholemeretsa. Ndi alenje ochepa kwambiri amene amasaka motero. Odziwa za mauta amawerengera mwachidule kuti inchi iliyonse imene mwachotsa pa mainchi 30 aja imadya mafiti pafupifupi 10 pa sekondi, mapaundi 10 alionse amadya 15 mpaka 20, ndipo ma grain atatu alionse oonjezera pa muvi amadya pafupifupi fiti imodzi. Tengani uta wolembedwa 340. Munthu wokoka mainchi 28 pa mapaundi 60, ndi muvi wosakira wa ma grain 450, adzapeza liwiro lapakati pa 260 ndi 275. Uta wofewa wolembedwa 325 m'manja mwa munthu yemweyo udzachepera ndi mafiti pafupifupi 15. Kusiyana konse kumene anthu amapweteketsera mapewa n'komweko.

Ena amati muvi wothamanga umafika nyama isanadzidzimuke. Masamu sakuwavomereza. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, pamene muvi wa mafiti 300 umayenda mamita 91 okha. Pa mtunda wa mamita 27, kulira kwa nsinga kumafika m'khutu la nyama pa masekondi 0.08. Muvi wa mafiti 280 umafika pa 0.32 kapena kuposerapo pang'ono, wa mafiti 320 pa 0.28. Uliwonse mwa iwiriyi umapeza nyama itamva kale. Gwape watcheru akamva kuti thi, amagwetsa thupi pansi pokonzekera kudumpha, ndipo muvi umadutsa pamwamba pa msana kapena kulasa malo olakwika. Mankhwala ake ndi uta wachete, mtunda waufupi, ndi kulasa nyama imene yadekha. Sindikunena kuti liwiro n'lopanda ntchito. Muvi wothamanga sugwa msanga, choncho mukaphonya poyerekeza mtunda ndi mamita atatu kapena anayi, umakukhululukirani. Amene amasaka m'zigwa zopanda mitengo, kumene nyama siyandikirika, ali ndi chifukwa chenicheni cholifunira. Koma popeza masiku ano pali timakina toyezera mtunda tokwana m'thumba, phindu limeneli lachepa kuposa kale.

Njira yachidule yofewetsera uta uliwonse ndi kuchepetsa mapaundi, ndipo apa m'pamene kudzikuza kwa amuna kumaonongera zinthu. Pali maganizo akuti mwamuna weniweni amakoka 70. Kunena zoona, uta wa masiku ano wa mapaundi 55 kapena 60, muvi wolemera bwino, ndi mpeni wakuthwa kunsonga, zimaboola nthiti ndi mapapo a nyama ya msinkhu wa gwape n'kutulukira kuseri. Onani malamulo a ku Alaska, dera la kumpoto kwa America, kumene kuli nyama zikuluzikulu ndithu: amafuna mapaundi osachepera 40 pa caribou (mtundu wa gwape wamkulu) ndi chimbalangondo chakuda, ndi osachepera 50 pa moose (gwape wamkulu koposa onse) ndi chimbalangondo chachikulu chofiirira. Madera ambiri a ku America amaika malire ochepetsetsa pakati pa 30 ndi 40 pa gwape, ndipo ena saika n'komwe. Nyama za chikopa chochindikala ndi nthiti zokhuthala ngati njati ndi nkhani ina, imene imafuna mauta olemera ndi mivi yolemera kwambiri, koma amene akusankha uta wake woyamba kapena wachiwiri sakupita kumeneko. Ndipo musanaganize za mapaundi, fufuzani ngati kumene mukufuna kukasaka amalola uta. Ku Britain lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kupha nyama zakuthengo ndi uta, pamene ku France anavomereza mu 1995. Kwina amalamula kulemera kwa muvi, kwina kukula kwa mpeni wa kunsonga, kwina amaika malire pa let-off.

Mapaundi oyenera inu mumawapeza mutakhala pansi. Khalani pa mpando, nyamulani mapazi kuti asagunde pansi, lozani uta kutsogolo molingana ndi maso, ndipo kokani pang'onopang'ono popanda kuukweza. Ngati zakukanikani, kapena nkhope yachita tsinya, mapaundiwo achuluka. Mukapeza pamene mukukwanitsa mosavuta, ine ndingachotseponso asanu, poganizira tsiku limene mudzakhale mutazizidwa, mutavala zochindikala, mtima ukugunda pakhosi. Mauta ambiri amalola kusintha mapaundi pafupifupi 10 pomasula kapena kumanga mabawuti a nthambi, ndiye uta wa 50 mpaka 60 ndi wosiyana ndi wa 60 mpaka 70. Ndi bwino kugula umene mapaundi anu ali chakumtunda kwa malire ake, kusiyana ndi kugula wolemera n'kuumasula mpaka kumapeto poyembekezera kuti tsiku lina mudzakula mphamvu. Alipo mauta ena amene amasinthika kwambiri, kuyambira pa mapaundi a mwana mpaka 70. Ndi abwino kwa wachinyamata amene akukula, koma cam imene yapangidwa kuti ikwanire aliyense kawirikawiri siikwanira munthu mmodzi bwinobwino.

Utali wa kakokedwe umasokoneza anthu ambiri kuposa mapaundi. Compound siili ngati uta wachikale umene mungakoke mpaka pomwe mwafuna. Imaima pamalo amodzi, ndipo malowo ayenera kugwirizana ndi thupi lanu. Poyambira, tambasulani manja, wina ayeze kuchokera kunsonga ya chala chapakati kufika kunsonga ya chinzake, n'kugawa mainchiwo ndi 2.5. Munthu wa mainchi 70 amapeza 28. Iyi ndi nambala yongoyambira, yeniyeni imapezeka uta uli m'manja. Ambiri amakoka motalikitsa, mwina chifukwa chofuna mafiti 10 aja. Zotsatira zake, mkono wogwira uta umaongoka mopitirira, nsinga imakwapula mkono kapena malaya, mutu umapendekera kumbuyo, ndipo kalinunda kaja kamakupezani mkono utatha kale mphamvu. Uta wabwinobwino umaoneka wouma chifukwa cha theka la inchi.

Pali kanthu kena kamene ogulitsa ambiri satchula. Cam imodzi imakhala ndi malire a utali, tinene kuyambira mainchi 25 mpaka 30, ndipo kakokedwe kake sikafanana m'malire monsemo. Uta umene mnzanu wamtali akuutama kuti ndi wofewa pa mainchi 30 ungakhale wina ndithu pa mainchi 26, ndipo nthawi zina zimakhala mosemphana. Makampani ena amapanga ma cam a misinkhu iwiri kapena itatu pa uta umodzi, moti munthu wa mainchi 28 angasankhe kukhala kumtunda kwa cam yaing'ono kapena kumunsi kwa cam yaikulu. Kawirikawiri kumtunda kwa yaing'ono kumathamanga koma n'kouma, kumunsi kwa yaikulu n'kofewa. Choncho ndemanga ya munthu amene simukudziwa utali wa manja ake muziimva ndi khutu limodzi.

Za mitundu ya ma cam ndidutsapo mwachangu, chifukwa mayina ake sanenanso zambiri. Kuli single cam, imene ili ndi cam imodzi pansi ndi gudumu lozungulira pamwamba, ndipo kampani ya Mathews ndiyo inaitchukitsa m'zaka za m'ma 1990. Pa mauta a ma cam awiri, kuli hybrid, kuli binary imene kampani ya Bowtech inabweretsa m'ma 2000, ndiponso twin cam yakale. Kale ankati single cam ndiyo yofewa, ya ma cam awiri ndiyo youma. Lero mupeza binary yofewa kuposa single cam ina. Chimene chimalamula ndi kapindikidwe ka cam, osati chiwerengero chake. Chosangalatsa n'chakuti opanga ena anavomereza kuti anthu amasiyana zofuna, n'kuika kachitsulo kamene mukakatembenuza uta umodzi womwewo umakhala wothamanga kapena wofewa. Mauta ena a Bowtech ali nako. Mukaupeza wotero, yesani mbali zonse ziwiri motsatizana. Palibe phunziro labwino la zimene ndalongosola pamwambapa kuposa limenelo.

Nambala ziwiri za pa bokosi zimene zimathandizadi ndi brace height ndi utali wa uta. Brace height ndi mpata wochokera pa chogwirira kufika pa nsinga uta usanakokedwe. Ikakhala yaifupi, ngati mainchi 5 kapena 6, nsinga imayenda mtunda wautali, mumayamba kukoka dzanja lili kutali, ndipo muvi umakhalitsa pa nsinga, zomwe zimapatsa dzanja lanu nthawi yolakwitsa. Ikakhala 6.5 kapena 7, mumataya liwiro pang'ono koma mumapeza uta wokhululuka, ndipo nsinga siikodwa m'malaya ochindikala. Munthu wa manja aafupi angathe kupirira brace height yaifupi kuposa wa manja aatali. Utali wa uta amauyeza kuchokera pa kachitsulo ka cam ya pamwamba kufika pa ka pansi. Mauta osakira amakhala pakati pa mainchi 28 ndi 34. Waufupi ndi wosavuta kuyenda nawo m'zitsamba ndi kuutembenuza m'kachisakasa kobisalira, koma nsinga yake imapanga ngodya yakuthwa pa nkhope, moti munthu wamtali amavutika kuti mphuno igunde nsinga popanda kuweramitsa mutu. Kwa munthu wa mainchi 29 kupita m'tsogolo, ine sindingatsike pa 32.

Let-off yaikulu imakopa. Masiku ano 85 ndi 90 peresenti si zachilendo, ndipo kwa mlenje wodikira nyama atakoka, kugwira mapaundi 7 kapena 9 okha n'kokoma. Koma pamene let-off yakula, phompho lija limazamanso. Kuchoka pa 60 kugwera pa 6 n'kugwa kwakukulu kuposa kuchoka pa 60 kufika pa 15, ndipo pobweza nsinga muyenera kukwera phompho lomwelo chobwerera. Komanso nsinga yopepuka kwambiri imasunthika mosavuta ndi tsaya kapena kupotoza kwa dzanja. N'chifukwa chake ochita mipikisano yolasa chandamale amakonda let-off yocheperapo, ya 65 mpaka 75. Pa ulenje, 80 imandikwanira. Ngati uta ukulola kusintha, yesani ziwiri musanatsimikize.

Tsiku loyesa mauta, pemphani kuti onse awaike pa mapaundi ofanana ndi utali wanu weniweni, ndipo muone ndi maso anu pa sikelo. Uta wa mapaundi 58 udzaoneka wofewa nthawi zonse pambali pa wa 63, ndipo chimenecho si chiweruzo. Ikani muvi nthawi iliyonse imene mukukoka, mutaloza ku chandamale, chifukwa compound ikamasuka popanda muvi mphamvu yonse imabwerera m'nthambi ndi m'ma cam, ndipo imatha kuphulikira kumaso kwanu. Kokani mochedwa kwambiri, kuwerenga mpaka faifi kapena sikisi nsinga isanafike. Imani pafupi ndi chandamale n'kutseka maso, poti maso amanyengedwa ndi utoto ndi dzina la kampani. Mukafika kukhoma, khalani pamenepo mpaka mkono uyambe kunjenjemera, kenako lolani dzanja litsetsereke pang'ono kuti mumve kukula kwa chigwa.

Ndiyeno bwezani nsinga osaponya. Ichi ndicho chiyeso chimene chimaulula zonse, ndipo ndi ochepa amene amachichita. Kuthengo mudzabweza nsinga kambiri kuposa mmene mudzaponyere, chifukwa nyama imatembenuka, ina imaima kutsogolo kwa inzake, nthambi ya mtengo imatchinga. Uta wabwino umalola kuti muutsitse mwakachetechete, muvi uli phee pamalo pake, n'kukhala ndi mwayi wokokanso. Uta woipa umakutsomphola phewa, muvi n'kugwa, thengo lonse n'kudziwa kuti pali munthu. Mapewa amathanso kuvulala pobweza pomwepa. Chitani zimenezi mutaima, mutagwada, mutakhala, ndiponso mutapotoza thupi ngati nyama yadzera mbali imene simunayembekezere. Valani chijasi chimene mumasakira. Musaweruze ndi kukoka koyamba, pamene thupi lili ndi mphamvu zonse. Bwererani ku uta woyamba uja mutatopa, mumve ngati ukadali wokoma.

Anthu ena amasakaniza kufewa pokoka ndi kudekha poponya. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Uta ungakhale wouma pokoka koma muvi ukachoka osamva kunjenjemera kulikonse m'dzanja, chifukwa nthambi za masiku ano zimagona mopingasa, ina imakankhira kumwamba ina pansi, mphamvu n'kuthetsana. Wina ungakhale wofewa pokoka koma wolira. Kulira ndi kunjenjemera mungakuchepetse pambuyo pake ndi timphira ta pa nsinga, stabilizer (kandodo kolemera komangirira kutsogolo kwa uta), makamaka muvi wolemera, umene umatenga gawo lalikulu la mphamvu n'kusiya yochepa yosanduka phokoso. Muvi usatsike pa ma grain 5 pa paundi iliyonse ya uta, ndipo pa ulenje 7 kapena 8 ndi abwino. Koma kakokedwe ka cam simungakasinthe ndi chilichonse chogula padera. Ngati muyenera kulolera chimodzi, lolerani phokoso.

Uta umene unali wofewa ungathe kuuma pakapita nthawi, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala la cam. Nsinga ndi zingwe zake, ngakhale zimapangidwa ndi ulusi wolimba ngati Dyneema ndi Vectran, zimatamuka pang'onopang'ono. Zikatamuka, utali wa kakokedwe umasintha, ndipo ma cam awiri amasiya kufika kumapeto nthawi imodzi. Mumamva ngati khoma lagawika pawiri, kugunda koyamba kenako kwachiwiri, ndipo chigwa chimachepa. Katswiri wokhala ndi makina opanikizira uta amakonza zimenezi popota kapena kupotolola zingwe. N'chimodzimodzi ndi uta watsopano: zingwe zake zimakhazikika pambuyo pa mivi mazana angapo, ndipo ndi bwino kukauyezetsanso nyengo yosaka isanayambe. Mukamagula wogwiritsidwa kale ntchito, yang'anani ming'alu pa nthambi, onani ngati cam siinapindike m'mphepete, funsani zaka za nsinga, ndipo tsimikizani kuti tizitsulo tosinthira utali wa kakokedwe tikupezekabe, chifukwa pa mauta ena akale inchi iliyonse imafuna kachitsulo kakekake ndipo opanga anasiya kuzipanga.